Fumbi Limene Sitinayeze

6 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Ndikulemba kalata chifukwa pa foni mumangoti "eya, eya" pomwe simunamve kanthu, kenako mumauza anthu kuti mwana wanu salankhula.

Achimwene ayamba ntchito Lolemba lapitali. Ndinawapezera malo ku kampani imene ikuchotsa asibesitosi mu fakitale yakale ya nsalu. Mudzafunsa kuti asibesitosi n'chiyani. Ndi chinthu choyera ngati thonje louma chimene kale ankakutira nacho mapaipi otentha. Chikangokhala pamalo pake sichivuta. Koma ukachiphwanya chimatulutsa tiulusi tosaoneka ndi maso, ndipo tikalowa m'mapapo sitituluka. Munthu sadwala lero kapena mawa. Amadwala patapita zaka makumi awiri kapena atatu, ataiwala kale nkhope ya kapitawo wake.

Musade nkhawa, chifukwa woyeza mpweya kumeneko ndine. Ndimamangirira kapampu m'chiuno mwa wantchito. Kapaipi kake kamadutsa paphewa, ndipo kumapeto kwake kuli kasefa kamene ndimakapanira pa kolala, pafupi ndi mphuno. Kapampuko kamakoka mpweya womwewo umene munthuyo akupuma. Akaweruka ndimatenga kasefa kupita nako ku labu kukawerenga tiulusi tija ndi makina okulitsa zinthu. Tikapitirira malire, ntchito imaima. Tikachepa kwambiri, abwana amaloledwa kupeputsa zodzitetezera. Ndiye kuti nambala yanga ndi imene imanena chimene amuna khumi ndi awiri azivala kumaso.

Lachinayi la sabata yamawa ndikayeza, ndipo wolowa nako kapampu m'chipinda cha mapaipi ndasankha achimwene. Anthu ena amakavula n'kukapachika pa msomali. Koma munthu amene mpaka lero wailesi yake ikadali m'pulasitiki ya kusitolo sangandichite zimenezo.

Mupereke moni kwa alamu anga ndi kwa Kamano. Mundilembere za pakhomo.

Ndine mwana wanu,
Namasamu

19 Febuluwale

Amayi,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Kodi denga likudonthabe pamwamba pa kabati? Mundiuzenso ngati Kamano akundifunsa, kapena bambo ake anawaiwala tsiku lomwe ndinakwera basi.

Ntchito ndi yolemera koma mwamuna sadandaula. Chipinda chonse anachikuta ndi mapulasitiki, khomo lake la zipi ngati chikwama. Timavala ovolosi yoyera ndi masiki a labala olemera ngati poto, mkatimo thukuta lokhalokha. Anzanga akuti ndikuoneka ngati nkhumba yovala suti.

Chemwali anabwera Lachinayi. Amayi, mukanamuona! Kapitawo amene amatikalipira ngati ana anachita kumuvulira chipewa. Kuno amamutcha Mayi Kapampu. Ine ndinangoti mumtima, ameneyu ndinkamupukuta mamina ndine. Anandimangirira kamakina kake akulankhula zambiri, koma ndi phokoso la m'menemo ndinkangogwedeza mutu. Iye anatsala kunja, kumasuzumira pa kawindo ka pulasitiki kamene kanali katachita nthunzi.

Nditangoyamba kupala paipi yoyamba, fumbi kobo! Madzi amene timapopera kuti fumbi ligone amatuluka modontha chabe, ndi mmene alili masiku onse. Poyang'ana pa kolala ndinaona fumbi likuunjikana pa kasefa kaja ngati kagwera mu ufa. Mtima unandiwawa. Katundu wa ofesi, wodula, amupatsa mlongo wanga kuti asunge, ndiye ine ndimubwezere ali mbuu? Atamuchotsa ntchito tingaloze ndani? Nthawi yomweyo ndinakapukuta bwinobwino, kukakulunga ndi hanki yanga, n'kukalowetsa m'kati mwa ovolosi, pachifuwa. Kapampu kanapitiriza kulira m'chiuno, ndiye palibe chinawonongeka. Potuluka ndinakabwezera pa kolala kali ngati katsopano.

Chemwali anakayang'ana n'kumwetulira, ine ndinadziwa kuti ndagwira ntchito. Musamuuze. Mukumudziwa, ayamba kundiwerengera malamulo ngati ndine mwana wa sukulu.

Mwana wanu woyamba

12 Malichi

Okondedwa Amayi,

Moni. Kalata yanu sindinailandirebe, koma ndili ndi nkhani yabwino, sindingadikire.

Nambala yatuluka, ndipo ili pansi kwambiri pa malire. Ndinawerenga kawiri. Mnzanga wa mu labu anati kasefa aka kakuoneka ngati kanaswera mu ofesi ya abwana, tonse tinaseka. Lipoti ndasaina. Kampani yalola kuti asiye masiki a labala azivala a pepala, ndipo makina aakulu okoka mpweya wafumbi m'chipinda chija awapititsa kumalo ena kumene akufunika kwambiri. Achimwene asangalala kuposa onse, akuti tsopano mphuno yawo yabwerera mwakale.

Ndikuuzeni zoona, Amayi. Kuyambira tsiku limene ndinawapezera ntchitoyi ndinalibe mtendere. Ndinkadzifunsa kuti kodi sindinawaitanire kumanda munthu amene anasiya sukulu kuti ine ndipitirize? Tsopano mtima wakhala pansi.

Ine andituma mbali ina ya tauni, kuli nyumba zakale zitatu zofunika kuyeza. Kufakitale ndidzabwererako pakatha miyezi isanu ndi umodzi, monga mwa dongosolo. Achimwene sindiziwaona pafupipafupi, mabasi ake ndi awiri.

Mwana wanu,
Namasamu

2 Epulo

Mwana wanga,

Takulandira moni wako. Bondo lilipo, silinapite kulikonse. Magalasi anga athyoka mwendo umodzi, ndawamanga ndi ulusi, ukapeza mpata undikumbukire.

Ndathokoza Mulungu chifukwa cha nambala yakoyo, ngakhale sindinaimvetse. Koma pali mawu amene sanandikomere. Ukuti achimwene ako sudziwaona chifukwa mabasi ndi awiri. Mabasi awiri! Iye ankakubereka kumsana kuwoloka nawe mtsinje popita ku sukulu, sanawerengepo mabasi.

Anandiletsa kuti ndisakuuze, koma ndikuuza kuti uchite manyazi. Tsiku lija unamuveka kamakina kako, fumbi linali lambiri moti kakanawonongeka. Iye anakakulunga ndi hanki yake n'kukabisa pachifuwa, m'kati mwa zovala, tsiku lonse, kuti iwe asakukalipire ku ofesi. Unakalandira koyera, unamwetulira, osadziwa kuti wakusungira ndani. Ndiwo ubale umenewo, mwana wanga, sulembedwa pa lipoti. Lamlungu ukwere mabasi akowo ukamuone.

Kalatayi ndampatsa dalaivala wa lole ya mazira, akuti amadutsa pafupi ndi ofesi yanu. Ifika msanga kuposa ya positi.

Amayi ako

14 Juni

Mwana wanga,

Moni, ngati moni wanga ukuulandirabe. Miyezi iwiri yatha, kuchokera kwa iwe kuli zii. Ndikudziwa, wakwiya chifukwa ndinakudzudzula. Unayamba kalekale khalidwe limeneli, ukadzudzulidwa unkakakhala kuseri kwa chitseko ndi buku.

Ine mawu anga sindibweza. Zimene achimwene ako anakuchitira ndi kamakina kaja, mlongo wina akanapita n'kukagwada. Iwe ngakhale zikomo. Iye akulemba mwezi uliwonse. Akuti ntchito ikuyenda mofulumira chisiyireni masiki olemera aja, ndipo akaweruka tsitsi lake limakhala loyera ngati la agogo ako. Alamu ako anaseka mpaka misozi.

Magalasi usavutike nawo, ulusi ukugwira. Iyi ndaponya ku positi.

Amayi ako

1 Julayi

Amayi,

Sindinakwiye. Kalata yanu ya Epulo sinandipeze. Nditawerenga ya Juni sindinamvetse kuti achimwene anandichitira chiyani, ndiye ndinamufunafuna dalaivala uja masiku anayi. Ndinamupeza ku depoti akudya. Kalata inali m'kabokosi ka kutsogolo kwa lole, pansi pa masipanala, itada ndi girisi. Anapepesa akuseka. Ndinaiwerenga nditaimirira pomwepo, kenako ndinakhala pansi pa simenti.

Amayi, kasefa kaja ntchito yake ndi kuda. Kamayenera kumeza fumbi lonse limene munthu akumeza. Chimene ndinayeza tsiku lija ndi mpweya wa m'kati mwa hanki. Pa nambala ya hanki imeneyo ndinasaina dzina langa, ndipo amuna khumi ndi awiri anavula masiki a labala.

Mmawa mwake ndinapita kufakitale osauza munthu. Ndinavala zonse, ndinalowa ndekha m'chipinda cha mapaipi, chimene ndinayenera kuchita tsiku loyamba lija. Ndinawapeza achimwene ali pa makwerero, kamasiki ka pepala katatsikira pachibwano chifukwa cha kutentha, akuimba nyimbo. Pamene dzuwa limalowera pa ming'alu mpweya unkanyezimira. Ndinawamangirira kapampu n'kuima pambali pawo maola anayi, maso pa kolala. Atatambasula dzanja kuti akapukute, ndinawamenya dzanjalo pamaso pa anzawo. Sindinawamenyepo chibadwire.

Nambala yapitirira malire kasanu ndi katatu. Akhala akupuma zimenezo pafupifupi miyezi inayi.

Ndalembera akuluakulu anga zonse, za hanki ndi za ine. Ndikudziwa chimene chitsatire. Musandifunse ngati panalibe njira ina, ndaifunafuna sindinaipeze.

Namasamu

24 Julayi

Amayi,

Moni. Konzani malo, ndikubwera Loweruka ndi chikwama changa. Ntchito yatha.

Fakitale aitseka ndi tcheni. Anzanga khumi ndi mmodzi awauza kuti akadikire kunyumba, ine andipatsa kalata yoti ndinasokoneza chipangizo choyezera. Kusokoneza! Chinthu chimene ndinachisunga ngati dzira. Anthu amene ndinkadya nawo m'mbale imodzi akandiona akutembenuka. Wina, bambo wa ana asanu, anandigwira pa kolala n'kundifunsa kuti, "Iwe, unandifunsa ine usanabise?" Koma ine sindikuonabe chimene ndinaba.

Chemwali akanabwera kwa ine kaye. Tikanakhala pansi ngati ana a mimba imodzi. Akanangoyezanso mwakachetechete n'kunena kuti fumbi lachuluka, za hanki n'kuzisiya. Koma ayi, analemba dzina langa ndi inki, tsiku ndi ola lomwe. Akuti nayenso amuimitsa ntchito. Ndiye wapindula chiyani?

Anatitengera tonse kuchipatala kukajambula m'chifuwa. Dokotala anaika chithunzi changa pa nyali n'kunena kuti mapapo ali bwinobwino. Sinditsokomola, ndikudya, thumba la simenti ndikunyamula ndekha. Ndinamuonetsa chemwali pepalalo pakhonde la chipatala, ndinati, "Taona, matenda ako aja ali kuti?" Iye anangoyamba kulira. Ndinamusiya pomwepo.

Musamutchule ndikafika.

Mwana wanu woyamba

9 Ogasiti

Mwana wanga,

Achimwene ako anafika bwino. Ndi wonenepa kuposa mmene anachokera, denga walikonza tsiku limodzi. Ndamuyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, sindikuona pamene pali matenda.

Ndiye undiuze, chifukwa mwina ukalamba wandilanda nzeru. Munthu wakusungira katundu, iwe wamuchotsetsa ntchito. Dokotala akuti ali bwino, iwe ukulira. Kodi unkafuna chithunzi chituluke choipa kuti nambala yako ipambane? Alamu ako sakufuna kumva dzina lako. Kutchalitchi akundifunsa kuti ana anu aja a m'tauni zikuyenda bwanji, ine ndikumangokonza mpango kumutu.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti ndine ndinaulula. Ndikanatseka pakamwa pangapa bwenzi nonse muli pa ntchito. Lembera achimwene ako upepese. Usalembe za manambala, ulembe ngati mlongo.

Amayi ako

3 Seputembala

Achimwene,

Moni. Amayi akuti ndipepese ndipo ndisalembe za manambala. Kupepesa ndipepesa, koma mwina osati pa zimene mukuyembekeza.

Pepani kuti ndinakufotokozerani ntchito ya kasefa pakati pa phokoso, mukugwedeza mutu, ine n'kukhulupirira kuti mwamva. Ndimakudziwani kuti mumagwedeza mutu ngakhale kwa wolalikira mu basi. Pepani kuti ndinatsala kunja kwa kawindo. Chachikulu, pepani chifukwa cha kuseka kuja. Kasefa kochokera m'chipinda chopala mapaipi sikangatuluke koyera chotero, ndipo ndinkadziwa. Akanakhala munthu wina ndikanakayikira, ndikanabwerera mawa lake. Koma munali inu, ndipo ndinkafunitsitsa kuti mpweya wanu ukhale wabwino, moti nditaona nambala ndinaikumbatira osaifunsa mafunso. Inu munabisa kasefa tsiku limodzi chifukwa chondikonda. Ine ndinatseka maso miyezi inayi pa chifukwa chomwecho.

Mukuti ndikanabisa za hanki. Pepala la muyezo limasungidwa mu faelo ya wantchito aliyense zaka zambirimbiri, kuti akadzadwala adokotala adziwe chimene anapuma. Ndikanakhala chete, mafaelo khumi ndi awiri akananena kuti kuyambira Malichi mpaka Juni munkapuma mpweya wabwino. Bambo wa ana asanu uja akanadzapita kukadandaula, akanamuonetsa siginecha yanga n'kumubweza pakhomo. Ndapempha kuti lipoti loyamba alichotse. Akana, akuti muyezo sufufutidwa, angomatapo kapepala konena kuti ndi lokayikitsa.

Chithunzi chanu n'chabwino, ndipo chikhala chabwino chaka chamawa ndi chinacho. Tiulusi timeneti sitifulumira. Mwina simudzadwala konse, ambiri sadwala, ndipo ndikupempherera zimenezo tsiku lililonse. Koma palibe mankhwala otitulutsa, palibenso makina otiona tili m'kati. Fodya musiyiretu. Muzikajambulitsa zaka ziwiri zilizonse. Mukadzayamba kupuma movutikira pokwera mtunda, musadzati ndi ukalamba.

Tsiku lija kuchipatala, musanatuluke ndi pepala lanu, dokotala anandiitanira pambali. Anati, "Mayi, inu ndinu woyeza. Anthuwa apuma wochuluka bwanji pa miyezi yonseyi?" Ndayeza mpweya zaka zisanu ndi ziwiri, m'nyumba za anthu amene sindiwadziwa ndi mayina omwe. Za inu ndinayankha kuti sindikudziwa. Ndi chimene ndinkalirira pakhonde paja.

Mlongo wanu

20 Okutobala

Chemwali,

Moni. Tonse tili bwino kuno. Kalata yako ndinaisunga masabata atatu osaitsegula. Nditaitsegula ndinaiwerenga kuseri kwa nyumba, kenako ndinalakwitsa, ndinawawerengera Amayi ndi alamu ako mokweza. Ndinkafuna amve mmene ukudzilungamitsira. Nditafika pakati ndinafuna kusiya, koma kunali kosatheka, onse anali atandiyang'ana.

Fodya ndasiya. Ndapeza ganyu kwa kalipentala wa pamsika, ndimapala matabwa. Utuchi ukauluka ndimatuluka panja, iye amandiseka kuti ndine mzungu. Bambo wa ana asanu uja ndamulembera kalata. Sanayankhe, ndipo sindikumuimba mlandu.

Sindikudziwa ngati ndakukhululukira kapena ndiwe woyenera kundikhululukira ine. Ndikaganiza kwambiri mutu umandipweteka. Ntchito yako akakubwezera undiuze. Akapanda kukubwezera bwera, chipinda chako chilipo, tangoikamo matumba.

Amayi asiya kukutchula moipa. Asiyanso zambiri. Sandituma kukatunga madzi, akuti mtunda uja ndi wautali. Ndikanyamula kanthu kolemera alamu ako amathamanga kudzandilanda. Ine ndili ndi mphamvu zanga zonse, chemwali, koma pakhomo pano akundigwira ngati kapu yong'aluka. Ndinawerengera kuti zaka makumi awiri zikadzakwana Kamano adzakhala ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Sindinauze munthu, koma ndinaona alamu ako akuwerenga zala, ndipo ndikudziwa kuti sankawerenga mazira.

Dzulo masana tikudya, madzi anandilowera polakwika. Ndinatsokomola katatu basi. Nditakweza mutu, Amayi anali ataimitsa dzanja m'malere, alamu ako atagwira m'mphepete mwa tebulo, Kamano akuyang'ana uyu ndi uyu chakudya chili m'kamwa. Ndinaseka, ndinati ndi madzi chabe, anthu inu. Palibe anaseka nane. Tinamaliza kudya kukumveka masupuni okha.

Iwe umadziwa kuyeza zinthu. Undiuze kuti munthu amakhala bwanji zaka makumi awiri m'nyumba imene saloledwa kutsamwa.

Achimwene ako